Yankho kwa amalume pa nkhani ya masiketi ku Oxford

Amalume, ndakulonjerani ndi ulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kuti nonse kumudzi ku Katete mwadzuka bwino. Uthenga wanu wa dzulo ndaumva bwinobwino. Mwanena kuti mkulu wa mpingo mnzanu wakuuzani zoti ku yunivesite ya Oxford ku England, kumene msuweni wanga wapeza malo a maphunziro apamwamba, anyamata amalemba mayeso atavala masiketi, ndipo mwafunsa ngati mwana wanu adzakakamizidwa kuchita chimodzimodzi, komanso ngati n'kwanzeru kumulola kuti apite. Ndasankha kuyankhira pagulu la banja pano chifukwa ndaona kuti nkhaniyi yadetsa nkhawa anthu angapo, ndipo zithunzi zayamba kale kuzungulira.

Palibe amene adzamukakamize kuvala siketi, ngakhale tsiku limodzi. Adzavala suti ndi tayi monga momwe inu mumavalira pa tsiku la mgonero, ndipo mwina kavalidwe kake kadzakhala kokhwima kuposa ka ku yunivesite iliyonse ya kuno ku Lusaka. Komabe mnzanuyo sanangopeka nkhaniyi, pali pamene inachokera, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mwadongosolo.

Ku Oxford kuli chovala cha mwambo chimene amachitcha subfusc. Wophunzira amachivala pa tsiku lomulandira mwalamulo m'yunivesite, polemba mayeso akuluakulu, ndiponso pa tsiku lolandira digiri. Mwezi wa Ogasiti 2012 usanafike, lamulo linali ndi mbali ziwiri. Mwamuna ankayenera kuvala suti yamtundu wakuda, masokosi akuda, nsapato zakuda, malaya oyera opanda maluwa, ndi katayi koyera kaja komangidwa pakhosi ngati gulugufe. Mkazi ankayenera kuvala siketi kapena thalauzi lakuda, bulauzi loyera, masokosi aatali akuda, nsapato zakuda, ndi riboni kapena tayi yakuda pakhosi. Pamwamba pa zonsezi aliyense ankavala gauni ndi kunyamula chisoti chamaphunziro. Mu Ogasiti 2012 yunivesite inachotsa mawu akuti amuna ndi akuti akazi pa lamulolo, n'kusiya mndandanda umodzi woti wophunzira aliyense asankhepo: suti, thalauzi kapena siketi, zonse zamtundu wakuda, malaya kapena bulauzi loyera, kenako tayi kapena riboni. Kusintha kunali kokhako. Nyuzipepala zinalemba mitu yakuti tsopano amuna akhoza kulemba mayeso atavala masiketi, zimene zili zoona ndithu, koma liwu lakuti akhoza limatayika nkhani ikamadutsa m'makutu ambiri, mpaka pofika kwa inu lasanduka lakuti ayenera.

Sindikubisirani chifukwa chimene anasinthira lamulolo, popeza mukadzachimva kwa wina mudzati ndinakunamizani. Pempho linachokera kwa ophunzira eniake kudzera m'bungwe lawo, makamaka pofuna kuthandiza anzawo amene anabadwa ali amuna koma amadziona ndi kukhala ngati akazi, kapena amene anabadwa ali akazi koma amakhala ngati amuna. Kale wophunzira wotereyu ankayenera kukapempha chilolezo chapadera kwa akuluakulu osungitsa mwambo pa yunivesite, ndipo akapanda kutero ankaopa kubwezedwa pakhomo la chipinda cha mayeso. Ndikudziwa mmene inu ndi mpingo mumaionera nkhani imeneyi, ndipo sindikuyesa kukusinthani maganizo kudzera pafoni. Chimene ndikunena n'chakuti lamulolo linapangidwa kuti munthu asabwezedwe pa mayeso chifukwa cha chovala, ndipo silinawonjezere udindo uliwonse kwa mnyamata amene akufuna suti yake.

Chodabwitsa n'chakuti ophunzira a kumeneko amachikonda chovala chimenechi. Mu 2015 panali voti yofunsa ngati apitirize kukakamizidwa kuchivala polemba mayeso, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene anavota anati chipitirire. Ali ndi kamwambo kena kamene si lamulo koma ambiri amakatsatira, kobaya duwa la carnation pachifuwa: loyera pa mayeso oyamba, lapinki pa mayeso apakati, ndi lofiira pa mayeso omaliza. Choncho mukadzalandira chithunzi cha mwana wanu ali ndi duwa lofiira pajekete, mudzadziwe kuti wamaliza, musadzayambenso kufunsa pagulu pano.

Kunena za zithunzi, chija chimene chatumizidwa m'mawa uno cha anyamata ovala masiketi a mizeremizere, atanyamula zikwama kumsana, si cha ku Oxford ayi. Amenewo ndi ana a sekondale a mumzinda wa Exeter ku England komweko, ndipo zinachitika mu Juni 2017 kutatentha kwambiri. Sukulu yawo inkaletsa anyamata kuvala makabudula pamene atsikana ankaloledwa masiketi, ndiye anyamatawo anabwereka masiketi kwa alongo awo ndi anzawo pofuna kuonetsa kuti lamulolo linali lopanda chilungamo. Madalaivala a sitima ku Stockholm, m'dziko la Sweden, anachitanso zofananazo mu 2013, ndipo pamapeto pake analoledwa kuvala makabudula. Onsewa chimene ankafuna chinali kabudula.

Mwatchula Deuteronomo 22:5, ndime yoletsa mwamuna kuvala chovala cha mkazi ndi mkazi kuvala cha mwamuna. Kumasulira malemba ndikusiyirani inuyo amene mwakhala mukulalikira kuyambira ine ndisanabadwe. Ndingokumbutsa kuti pa nthawi imene mawuwo ankalembedwa amuna a ku Israeli ankavala mikanjo, osati mathalauzi, choncho chimene chimasiyanitsa chovala cha mwamuna ndi cha mkazi si kukhala ndi miyendo iwiri yosokedwa. Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. M'dziko lathu lomwe lino, mwamuna wa Chilozi akavala siziba pa mwambo wa Kuomboka, pamene Litunga, mfumu ya Alozi, akuchoka ku Lealui kupita ku Limulunga, amakhala atavala nsalu yotambalala yofika m'munsi mwa mawondo, malaya, kajekete kopanda manja ndi kachisoti kofiira, ndipo palibe amene angayerekeze kumuseka. Amuna a ku Scotland amavala kilt, chovala chonga siketi, pa ukwati ndi pa miyambo ya usilikali, ndipo Mfumu Charles nayonso imavala ikakhala kumeneko. Boma la Britain linaletsapo chovala chimenechi mu 1746 pofuna kufooketsa anthu a kumapiri a ku Scotland amene anali atauukira, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1782. Ku Fiji apolisi ndi asilikali amavala sulu, nsalu yomanga m'chiuno ngati siketi, pa perete. Ansembe athu amavala mikanjo paguwa, ndipo makolo athu a Chichewa ankamanga nyanda kapena nsalu m'chiuno thalauzi lisanabwere ndi amishoni, a boma ndi anthu obwerera ku migodi.

Apa ndiyenera kunena mosamala, chifukwa anthu ena amagwiritsa ntchito zitsanzo zimenezi mopyola malire. Siziba ndi chovala cha amuna, ndipo Alozi amadziwa kuti cha akazi ndi musisi. Kilt nayonso ndi ya amuna kwa eni ake. Choncho sindikunena kuti mnyamata wovala siketi ya atsikana ku Oxford ndi wofanana ndi nduna ya Litunga. Ndikungonena kuti malire a zovala amaikidwa ndi anthu a malo amenewo pa nthawi imeneyo, ndipo anthu omwewo amawasuntha akafuna.

Ife a kumalire tinaziona zimenezi ndi maso, ndipo inu mukukumbukira bwino kuposa ine. Ku Malawi, lamulo la kavalidwe la 1973, pa nthawi ya Kamuzu Banda, linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo amuna a tsitsi lalitali nawonso sankaloledwa. Mayi wochokera ku Chipata atavala thalauzi ankayenera kumanga chitenje pa Mwami asanawoloke kupita ku Mchinji. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, ndipo lero ana anu aakazi amapita ku ntchito atavala mathalauzi popanda wowatembenukira. Koma kuchotsa lamulo sikunasinthe mitima nthawi yomweyo. Mu Januwale 2012, chaka chomwecho chimene Oxford inasintha lamulo lake, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pamsewu, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Kuno ku Lusaka nakonso, mu 2018, m'laibulale ya UNZA, yunivesite ya Zambia, munaikidwa chidziwitso chodzudzula kavalidwe ka atsikana, chonena kuti akusokoneza anyamata powerenga, ndipo anthu atadandaula kwambiri yunivesite inapepesa.

N'chifukwa chake ineyo, mukandifunsa maganizo anga, ndimaona kuti mndandanda umodzi wa zovala ndi wabwino kuposa iwiri. Lamulo likakhala ndi mbali ya amuna ndi mbali ya akazi, pamafunika munthu woima pakhomo kuti aziyang'ana thupi la wophunzira aliyense ndi kugamula mbali imene ali, ndipo kawirikawiri amene amavutika ndi woyang'anayo ndi atsikana, amene amayezedwa kutalika kwa siketi pamene anyamata akungodutsa. Likakhala limodzi, woima pakhomo amangoona ngati chovala chili chakuda, ngati malaya ali oyera, ngati nsapato zili zoyenera, basi. Mwana amene wakonzekera mayeso kwa chaka chonse amalowa mtima uli m'malo. Ndikudziwa kuti pa mfundo iyi mwina sitigwirizana, ndipo sindikakamira.

Kuno kwathu zinthu ndi zosiyana, ndipo msuweni wanga amadziwa zimenezo. Dziko lino linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu Disembala 1991 ndi Pulezidenti Frederick Chiluba, ndipo anthu ambiri amaona kavalidwe ndi maso a mpingo. Mwamuna amene angatsike basi pa Kulima Tower atavala siketi sangafike ngakhale pa Cairo Road anyamata oitanira mabasi asanamuzungulire. Lamulo la yunivesite ina ya ku England silikhudza UNZA, kapena sukulu iliyonse ya kuno, ndipo palibe amene akutipempha kuti tilitengere. Mwana wanu akapita kumeneko adzakumana ndi anthu a mitundu yambiri, Asilamu ovala mipango, Asikh ovala nduwira, ndipo mwina tsiku lina adzakhala m'chipinda cha mayeso moyandikana ndi mnyamata wovala siketi yakuda. Chimene adzafunike kuchita ndi kulemba mayeso ake ndi kupereka ulemu kwa mnzakeyo monga munamulerera. Munthu amene mwamulera zaka zonsezi, amene anakana ngakhale kuvala kabudula pa ukwati wa mlongo wake kuli dzuwa la Okutobala, sangasinthidwe ndi chovala cha munthu wina.

Choncho mumulole apite, amalume. Malo ngati amenewa sapezeka kawiri, ndipo chaka cha maphunziro kumeneko chimayamba mu Okutobala, nthawi yatsala pang'ono. Nkhawa yanga yeniyeni ili pa suti, chifukwa yomwe ali nayo ndi yofiirira ndipo sadzaloledwa nayo. Afunika yakuda, kapena yamtundu woderapo kwambiri, yopanda mizere yoonekera patali. Afunikanso malaya oyera awiri okhala ndi kolala, tayi yakuda yopanda zolembalemba, masokosi akuda otalika bwino kuti khungu lisaoneke akakhala pansi, ndi nsapato zakuda zachikopa zopolisha, osati zothamangira. Gauni ndi chisoti adzagula komweko, popeza masitolo a mumzindamo amagulitsa zimenezi kwa ophunzira atsopano, ndipo gauni imasiyana malinga ndi maphunziro amene munthu akuchita, choncho tisataye ndalama kusoketsa kuno. Suti tikhoza kuyang'ana m'masitolo a ku Kamwala, ndipo mitengo ikatikanika tidzapita ku salaula ku msika wa Soweto, kumene masuti abwino a ubweya amapezeka munthu akalawirira belo likungotsegulidwa, kenako telala adzachepetsa m'chiuno ndi kupinda miyendo. Komweko tidzamupezere jekete lochindikala, chifukwa kuzizira kwa Disembala ku England sikufanana ndi kwa Juni kuno.

Mumuuze abwere ku Lusaka Lachisanu, adzagone kunyumba kuno, kuti Loweruka m'mawa tidzayende limodzi. Abwere ndi kalata yomulandira ija kuti tidzawerenge pamodzi zimene koleji yake yalemba pa nkhani ya zovala, ndipo amene akufuna kusonkhako ndalama ya suti anene pagulu pano Lachinayi lisanathe kuti tidziwe poyambira.