Mafunso a Owerenga: Tikaone Nyanja pa Chilumba Chiti?

Funso: Ndine mlimi wa kachewere wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Chaka chino ndagulitsa bwino, ndipo ndikufuna kukaonetsa nyanja mkazi wanga, ana athu aang'ono ndi amayi anga okalamba. Komanso mng'ono wanga akukwatira posachedwa, ndipo akufuna malo okapumirako ndi mkazi wake. Kodi tonse tingapite chilumba chimodzi?

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Malangizo anga ndi akuti musapite malo amodzi, chifukwa chimene chingasangalatse akwati atsopano chikhoza kuwatopetsa amayi anu ndi kukuwonongerani ndalama pachabe.

Inu ndi banja lanu ndikukulozerani ku Likoma, pa nyanja ya Malawi, imene kuno ku Mozambique timaitchula kuti Niassa. Chilumbachi ndi cha dziko la Malawi ngakhale chili pafupi ndi gombe lathu, moyang'anana ndi Cóbuè, choncho aliyense akhale ndi zikalata zoolokera malire. Mukatulukira pa chipata cha malire cha Calómuè n'kulowa Dedza, mudzera ku Lilongwe mpaka ku Nkhata Bay, kumene sitima ya Ilala imanyamula anthu opita ku chilumbachi. Funsiranitu tsiku limene imanyamuka, pakuti siyenda tsiku lililonse. Ubwino wa Likoma ndi woti madzi ake alibe mchere ndipo saphwa n'kudzazanso monga amachitira a m'nyanja yaikulu, moti ana amatha kusewera m'mphepete akulu akuwayang'anira pa mthunzi wa mlambe. Amayi anu akamvana ndi anthu m'Chinyanja, akadya nsima ya kondowole ndi usipa kapena chambo, ndipo akaona tchalitchi chachikulu cha St Peter chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Koma dziwani kuti m'madzi a nyanjayi mumapezeka likodzo, makamaka pamene pali bango ndi nkhono, choncho mukabwerako pitani kuchipatala mukayezetse.

Ngati mtima wanu uli pa nyanja ya mchere, chilumba cha Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, ndicho chikuyenerani, chifukwa mumafikako pa galimoto kudzera pa mlatho wautali makilomita oposa 3, osakwera ngalawa, zimene ndi zofunika kwa munthu wokalamba. Kumeneku kunali likulu la dziko lino mpaka mu 1898, ndipo bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linachiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 1991. Ana asukulu akaona ndi maso linga la São Sebastião ndi kachisi wamng'ono wa Nossa Senhora de Baluarte wa mu 1522. Posambira pabwino si pachilumba penipenipo, koma ku Chocas-Mar kapena pa kachilumba ka Goa, kumene amapita pa ngalawa ya matanga. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye amayi azimangira chitenje akachoka pagombe kulowa m'mudzi.

Mng'ono wanuyo, ngati thumba likulola, apite ku zilumba za Bazaruto, kufupi ndi Vilankulo m'chigawo cha Inhambane. Ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, okhala ndi milu italiitali ya mchenga woyera, akamba am'madzi ndi nyama ya m'madzi yosowa yotchedwa dugong. Mahotela a pa Bazaruto ndi Benguerra ndi odula kwambiri, choncho ndi bwino kugona ku Vilankulo n'kulipira ngalawa yopita ku kachilumba ka Magaruque m'mawa ndi kubwerako madzulo. Munthu wa kumtunda ngati ife ayenera kudziwa chinthu chimodzi: madzi amaphwa kawiri pa tsiku, ngalawa n'kutsala zitagona pamchenga, ndipo akamabwerera amabwera mwaliwiro moti amene wapita patali kukatola zigoba akhoza kutsekerezedwa. Amvere eni ngalawa, ndipo asakwere popanda chovala choyandamitsa. Ulendo wa pamsewu ndi wautali, kudzera ku Tete, Changara, Chimoio ndi Inchope, kenako kutsika ndi msewu waukulu wa EN1 kuoloka mtsinje wa Save.

Zilumba za Quirimbas, monga Ibo, ndi zokongola, koma sindingakulimbikitseni kupitako chifukwa cha nkhondo imene inayamba ku Cabo Delgado mu 2017.

Nonse mupewe miyezi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene anamondwe amakantha gombe lathu, monga anachitira Idai ku Beira mu Malichi 2019. Pakati pa Meyi ndi Okutobala kumakhala kouma, ngakhale kuti pa nyanja ya Malawi mwera umavuta mu Juni ndi Julayi, kotero kwa amayi anu Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yabwino.