Kodi magemu akale anali abwinodi, kapena takalamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti anamuonetsa mwana wake wa zaka 12 gemu ya Super Mario Bros., mwanayo anangoigwira pang'ono, n'kuponya padi (kachipangizo ka mabatani koseweretsera) pampando, amvekere, "Adadi, izi n'zachikale." Bamboyo zinamuwawa. Akufunsa ngati magemu akale ankaposadi amakono, komanso makina oti amugulire mwanayo.

Achimwene, ndiyambe ndi zimene simungakonde kumva. Magemu ambiri amene tinkasewera anali osakoma. Mukukumbukira makatiriji aja, timabokosi ta magemu tolowetsa m'makina, olembedwa 9999 in 1? Mkatimo munali magemu owerengeka, ongobwerezedwa ndi mayina ena. Timakumbukira Mario, Contra ndi Duck Hunt chifukwa ndiwo anali abwino, enawo tinaiwala kalekale. Ndiye inu mwasankha mbewu zokhwima zokhazokha za zaka zambiri, n'kumaziyerekeza ndi chilichonse chimene mwana waika mu foni dzulo.

Koma mwanayonso wapupuluma. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985, ndipo gemu yonseyo ndi makilobayiti 40 okha. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yanu chimaposa pamenepo. Malo anachepa moti mitambo ya kumwamba ndi zitsamba za pansi ndi chojambula chimodzi, anangosintha mtundu. Kapenyeni bwino, mudzaseka. Poti panalibe malo a zokongoletsa, Shigeru Miyamoto ndi anzake ku kampani ya Nintendo, amene anapanga gemuyi, anaika nzeru zawo zonse pa kuthamanga ndi kudumpha. Palibe mawu okuuzani zochita. Kamdani koyamba kakubwera, mwafa kamodzi, kachiwiri mwadziwa kuti muyenera kukaponda pamutu. Luso limeneli silinakalambe.

Za kuvuta kwa magemu akale, zimene ife akuluakulu timanyadira, zili ndi chifukwa chake chosasangalatsa. Pac-Man ya 1980 ndi Street Fighter II ya 1991 anazipangira makina oponyamo makobili. Wosewera akafa msanga, mwini makina amapeza ndalama. Magemu a m'nyumba anatengera khalidwe lomwelo: miyoyo itatu, ikatha mukayambire poyamba. Ambiri analibe posungira pamene mwafika, moti magetsi akathima, za tsiku lonse zapita. N'chifukwa chake aliyense analoweza mabatani obisika aja a Contra opatsa miyoyo 30. Lero gemu imasunga yokha pamene mwafika, ndipo kuno kwathu kumene magetsi amapita osatsanzika, chimenecho ndi chifundo.

Kobili lija silinachoke, linangosintha khomo. Mu gemu ya mpira ya EA Sports FC, imene mpaka 2023 tinkaitchula FIFA, muli mapaketi a osewera ogula ndi ndalama zenizeni, osadziwa kuti mutulukamo ndani. Mu gemu ya pa foni ya Free Fire muli madayamondi ogulanso ndi ndalama. Gemu amati ndi yaulere, koma mwana amabwera kudzapempha ya mayunitsi sabata iliyonse.

Zabwino za amakono sindingazibise. Mpira wa masiku ano ndi mpira weniweni pouyerekeza ndi timadontho tinkathamangitsa tija. Minecraft, ya 2011, imamulola mwana kumanga mudzi wonse ndi mutu wake, chinthu chimene katiriji sikanakwanitsa.

Pamene ine ndimaima ndi akale ndi apa. Kale ukagula katiriji kapena disiki, gemu yonse inali m'manja mwako. Lero magemu ena akuluakulu, monga Call of Duty, amaposa magigabayiti 100, ndipo amafuna kuwonjezera zina pa intaneti pafupipafupi. Amene amawapangawo amaganizira munthu wa ku Tokyo kapena London amene intaneti yake siitha. Saganizira munthu wa ku Ndirande wowerengera bandulo. Ndipo gemu yodalira intaneti imatha kufa: mu 2024 kampani ya Ubisoft inatseka The Crew, gemu ya magalimoto, moti ngakhale amene anagula disiki anatsala ndi chimbale chosagwira ntchito. Katiriji ya 1985, ngati sinawonongeke, ikuseweredwabe.

China ndi mphasa. Tinkakhala asanu ndi mmodzi pa TV imodzi, mapadi awiri, woluza apereke padi. Kunyozana, kuphunzitsana, kulira kwa amene wachinyidwa zigoli zisanu, zonse pamalo amodzi. M'tizipinda ta magemu ta ku Bangwe ndi ku Zingwangwa mzimu umenewu ulipobe, anyamata ataunjikana pa mpira ngati kuti ndi Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Ndikuganiza kuti chimene mwasowa inu, achimwene, ndi chimenechi, osati Mario weniweniyo.

Tsono za kugula. Ngati ndalama ndi yochepa, PlayStation 2 ikadali makina abwino. Inatuluka mu 2000, inagulidwa yoposa 150 miliyoni, ndipo magemu ake safuna intaneti. Musaiwale memory card yosungira pamene mwafika, ndipo makinawo muwayese pomwepo musanalipire, chifukwa diso lowerenga disiki ndilo limayamba kufooka. Onaninso ngati TV yanu ili ndi mabowo a mawaya atatu aja, lofiira, loyera ndi lachikasu, poti ma TV ena atsopano alibe. Mpira wake womaliza ndi wa 2013, choncho mwana sadzapezamo osewera amene amawadziwa. Ngati thumba likulola, PlayStation 4 yogwiritsidwa kale ntchito ndi yabwino; mpira wa anthu awiri mumasewera popanda bandulo. Mfuti yoseweretsera Duck Hunt, gemu yowombera abakha ija, musataye nayo ndalama, siigwira pa TV zopyapyalazi.

Chilichonse mungagule, mapadi akhale awiri. Ndipo Mario musamuyambitse yekha inu mutaima kumbuyo ngati aphunzitsi. Yambani ndi mpira umene iye amaudziwa, akuchinyeni, kenako muike Street Fighter II mubweze ngongole.