Tomato wa kudambo mu Januwale: si mvula yokha yolakwa

Mlimi wina wa ku Bembeke m'boma la Dedza wafunsa motere: "Ndinawokera tomato wa mtundu wa Tengeru kumayambiriro kwa Disembala m'dimba langa la kudambo. Anakula bwino, koma chiyambire Januwale mvula sikukata. Masamba ada ngati awauka ndi moto, zipatso zikuchita mawanga n'kuola. Ndapopera Dithane katatu koma palibe chasintha, ndipo ndalowetsapo kale ndalama zoposa K150,000. Kodi mankhwalawa ndi achinyengo? Nanga ndingadziwe bwanji kuti mvula ikata liti?"

Bambo, tisanawaimbe mlandu ogulitsa mankhwala, tiyambe ndi mawu awiri amene mwalemba nokha: "kudambo" ndi "Disembala". Awiriwa sayendera limodzi. Dimba la kudambo ndi la m'chisanu ndi m'chilimwe, madzi akaphwera. Dzinja likafika, tomato amakwera kumtunda, pamalo otsetsereka pang'ono pomwe madzi sagona. Inu mwamuika pamene madzi a m'phiri lonse amakathera, ndiye mukudabwa kuti akuola? Ndikudziwa chimene chinakukopani. Tomato wa dzinja amagulidwa bwino pa Lizulu ndi m'mphepete mwa msewu wa M1. Komatu amadula chifukwa ndi wovuta kulima, ndipo ambiri amagwa naye monga mwagweramu.

Munda wanu sindinauone, koma nditha kulumbira kuti amenewo ndi matenda a chiwawu, chomwe chija chimapsereza mbatatesi ku Tsangano ndi kwanu komweko. Mawa m'mamawa, mame asanakamuke, tembenuzani tsamba lodwala. Mukaona nkhungu yoyera m'mphepete mwa banga lakudalo, ndipo zipatso zili ndi mawanga olimba abulauni, musafunsenso wina. Chiwawu chimakonda zinthu ziwiri, kuzizira ndi tsamba lonyowa nthawi yaitali, ndipo ku Bembeke zonsezi n'zaulere. Mvula ya mabingu imene imagwa ola limodzi dzuwa n'kuwala si yoopsa kwenikweni. Woopsa ndi mvumbi, uja wongowaza masiku atatu kapena anayi, nkhungu ili kuu. Pamenepo munda wonse utha kupserera sabata imodzi isanathe.

Tsono za Dithane. Si wachinyengo, kungoti mwamupatsa ntchito imene si yake. Dithane ndi chofunda cha tsamba, amateteza matenda asanalowe. Akalowa, ngakhale mupopere kakhumi, tsamba lakuda silidzabiriwiranso. Komanso amangokhala pamwamba pa tsamba, ndiye mvula yamphamvu imamutsuka. Simunanene kuti munapopera liti, koma ndikuganiza kuti munayamba mutaona kale mawanga, ndipo mwina kunagwa mvula tsiku lomwelo. Ndalama zimenezo zinapita ndi madzi kumtsinje.

Chochita lero ndi ichi. Mitengo imene yapserera kwambiri izuleni, mukaikwirire kutali ndi dimba, osaiponya pamulu wa manyowa. Pa yotsalayo thotholani masamba onse odwala ndi am'munsi okhudza dothi, muzike timitengo ndi kumangirira kuti mphepo izidutsa. Muchite izi masamba atauma, chifukwa mukamayenda m'munda wonyowa matendawa mumawanyamula nokha ndi manja ndi zovala. Kenako poperani Ridomil, amene amalowa m'kati mwa mmera, pa tsiku loti pakhala maola angapo kusanagwe mvula. Ndi wodula, mtengo wake umaposa wa Dithane kutali, ndiye musamupopere sabata iliyonse, muzisinthanitsa. Muyezo ndi masiku odikira musanakolole zili pa paketi. Ndipo chonde, khalidwe lija lopopera zipatso zoti zikupita kumsika kuti zioneke zoyera lithe. Amadya ndi ana a anzanu.

Koma mankhwala anga enieni ndi khasu. Kumbani ngalande yakuya kufika m'bondo kumtunda kwa dimba kuti ilande madzi asanalowe, ndi zina zing'onozing'ono pakati pa mabedi zotulutsira madzi kunja. Mabedi akhale okwera, mwina masentimita 30, osati olowa pansi aja timapanga mu Ogasiti posunga chinyezi. Alimi ena amandiseka kuti alangizi awa chilichonse ndi ngalande, ngakhale mbuzi itadwala. Asekeni. M'sabata ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, ngakhale kuti chionongeko chachikulu chinali kuchigawo chakummwera, ndinayendera madimba awiri oyandikana, mbewu imodzi, feteleza mmodzi. Wa mabedi okwera anatolako kenakake. Mnzakeyo mizu inali itaola kale, tikuzula ndi zala ziwiri ngati udzu.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landisangalatsa. Tsiku lenileni limene mvula idzakate palibe angakuuzeni, koma mungathe kusiya kulima mongoganizira. A nthambi yoona zanyengo amalengeza za dzinja lonse mvula isanayambe, ndipo za tsiku ndi tsiku zimamveka pa wailesi ngati MBC ndi Zodiak. Mukamva kuti kukubwera mvula ya masiku angapo, tsiku lopopera Dithane ndi lomwelo kapena mawa lake, mvulayo isanafike. Muzimvera chaka chilichonse, chifukwa zaka sizifanana. Dzinja la 2023 mpaka 2024 tinali kulira ng'amba ya El Niño mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23. Amene anazolowera za chaka chimenecho n'kukhazikika kudambo ndi amene akulira lero.

Wailesi imanena za boma lonse, koma mvula ya ku Bembeke si ya ku Mtakataka kapena ku Golomoti. N'chifukwa chake ndimati mlimi aliyense wa dimba akhale ndi chitini chake choyezera mvula. Pezani chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi kunsi, muchikhazike pamtengo wofika m'chiuno, pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse nthawi yofanana, viikani rula, lembani mamilimita m'kope la mwana wasukulu, tayani madziwo. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi. Ndiye bedi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 10 mulitali, pakagwa mamilimita 40, lalandira malita 400, zidebe 20 za malita 20 usiku umodzi. Kodi inu munathirirapo bedi limodzi zidebe 20? Pambali pa nambalayo lembaninso ngati kunali nkhungu kapena dzuwa, ndi tsiku limene mwapopera. Lamulo langa ndi lakuti chitini chikasonyeza mamilimita 20 kapena 25 chipoperereni, tengani kuti mankhwala atsukika, mubwereze kukangoyera. Ndipo mukalemba "mvumbi" masiku awiri otsatizana, musadikire kuona banga. Kope langa loyamba linanyowa n'kung'ambika chifukwa ndinkalisiya pawindo, ndiye lanulo lisungeni m'jumbo.

Mayi wina wa ku Njolomole ku Ntcheu naye akuti mbande za kabichi pa nazale zikugwa, zaola pakhosi, ndipo mpiru wachita chikasu ngakhale anathira yureya.

Mayi, mwafesa mothithikana, ndipo ndikukayika ngati munachotsa udzu wophimbira mbewu zitamera. Zogwazo sizidzukanso. Fesaninso pa bedi lokwera, pamalo atsopano, m'mizere yotalikirana ngati chikhatho, ndipo mumange kadenga ka pulasitiki koonekera, m'mbali mosatseka. Kuthirira muyambe mwapisa chala m'dothi. Za mpiruwo, yureya amasungunuka msanga ndipo mvula yambiri imapita naye pansi pomwe mizu sifika, komanso mizu yomira m'madzi siidya. Yambani mwatulutsa madzi, kenako muzithira pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, mokwirira, m'malo mothira yense tsiku limodzi. Ngati muli ndi manyowa owola bwino a m'khola, onjezerani. Ndipo funsani kwa alangizi a kudera kwanu ngati pali gulu limene likuyeza mvula pafupi, kuti muzikayerekeza manambala ndi a chitini chanu.