Zovala zopitira ku Japan: ganizirani za Julayi kaye

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mukupita kusukulu ku Tokyo mu Epulo, munyamule majekete angati, poti mwamva kuti kumeneko kumagwa chipale chofewa. Ine ndinakhalako zaka zitatu, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona.

Mukafika nthawi yokoma kwambiri. Maluwa a sakura amayamba kumapeto kwa Malichi, ndipo anthu amayala mphasa zapulasitiki pansi pa mitengoyo n'kumadya, kumwa, kucheza. Sukulu ndi ntchito zimayambanso mu Epulo momwemo. Juzi imodzi ndi kajekete kopepuka zikukwanirani. Mukaona ambiri atavala masiki musadabwe, ndi mungu wa mitengo ya sugi umene umawayetsemulitsa.

Chimene chinandisautsa ine n'cha mu Juni. Kwathu nthawi imeneyo tili pa mbaula, koma uko mvula yomwe amati tsuyu yayamba, ndipo imatha cha m'katikati mwa Julayi. Simvula yathu ija yoti yagwa, yakata, dzuwa lawala. Imangonyonyosoka masiku angapo osaleka. Zochapa siziuma. Ndinasiya nsapato zachikopa m'kabati milungu iwiri, potsegula ndinapeza zachita nkhungu mbuu, fungo lake losaneneka. Mvula ikatha kumabwera kutentha kwachinyezi. Tinakulira m'dzuwa la Okutobala, ena ndi a ku Nsanje, koma kuno thukuta limauma ukakhala pamthunzi. Ku Tokyo limangoyenderera ngakhale usiku, nyenje zikulira m'mitengo kuyambira m'mawa. Mu Julayi 2018 mzinda wa Kumagaya, womwe suli kutali ndi Tokyo, unafika madigiri 41.1. Anthu amamwalira nako kutenthako, makamaka okalamba, ndiye chonde musamaumire magetsi pa eyakoni (makina oziziritsa m'nyumba), ndipo botolo la madzi lisachoke m'chikwama. Zitenje ndi madiresi athonje munyamule ambiri, mudzandikumbukira.

Ogasiti ndi Seputembala ndi nthawi ya anamondwe. Akalengeza kuti akubwera, gulani chakudya msanga, sitima zimatha kuima.

Tsono za chisanu. Chipale chambiri chimagwa ku Niigata ndi ku Sapporo, madera a kumpoto kwa Tokyo. Ku Tokyo chimagwa kamodzikamodzi, Januwale amakhala wouma, thambo lili mbee. Kuzizira mudzakumvera m'nyumba, chifukwa nyumba zambiri zakale sizisunga kutentha. Ndinkadzuka n'kumaona mpweya wanga m'chipinda momwe. Chinandipulumutsa ndi kotatsu, katebulo kakafupi kofunditsidwa bulangeti, kokhala ndi chotenthetsa kunsi kwake. Umalowetsa miyendo, mananchesi pambali, basi kudzuka kumavuta.

Jekete lolemera musalinyamule kuchokera kuno, lingakudyereni makilo. Mukagula komweko mu Novembala, masamba akayamba kufiira, ndipo m'mashopu a kaunjika mumapezeka abwino pamtengo wotsika. Anzanu a m'kalasi akakuitanani kukaona masambawo ku Kyoto, musakane.