Nsagwada ya ku Thuchila: ndi ya Napolo, ya ng'ona kapena ya chilombo cha m'nyanja?

Bambo wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo kuti mwana wawo anatola chidutswa cha nsagwada cha mano atatu m'mphepete mwa mtsinje wa Thuchila, madzi a namondwe wa Freddy ataphwa mu 2023. Anthu a m'mudzi akuti ndi fupa la Napolo, pamene mwanayo akuumirira kuti likufanana ndi nsagwada ya mosasaur (chilombo chokwawa chakalekale cha m'nyanja yamchere) imene anaiona pa intaneti, ndipo bamboyo akufuna kudziwa mmene angazindikirire zoona zake.

Bambo, kalata yanu yandifika pamtima chifukwa inenso ndili ku pulayimale kuno ku Mulanje ndinafukula fupa lakuda ndi lolemera modabwitsa pamene tinkakumba dothi loumbira njerwa kudambo. Ndinalitsuka, ndinalikulunga m'kansalu, ndipo m'mawa mwake ndinapita nalo kwa mphunzitsi wina ndili ndi chiyembekezo chonse kuti andiuza mwini wake wa fupalo. Iye analitembenuza kamodzi kokha, anaseka pamaso pa kalasi yonse, n'kuliponya pawindo akunena kuti za m'dambo sizibwera pa mayeso. Nditalitolanso n'kufika nalo kunyumba, agogo anga aakazi anandikhazika pansi, analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandilamula kuti ndikalibweze pamene ndinalipeza chifukwa zinthu za pansi pa phirili zili ndi eni ake. Pa anthu awiriwa, amene anachita zoyandikira kwambiri sayansi ndi agogo, pakuti analemekeza chinthucho ndiponso malo amene chinachokera. Ndikunena mosabisa kuti munthu wamkulu amene amaseka mwana wobwera ndi funso lotere amaononga chinthu chimene dziko lino likusowa kwambiri, ndipo inu mwachita bwino kusamutseka pakamwa mwana wanuyo.

Malo ndiwo chiyambi cha yankho. Phiri la Mulanje linapangidwa ndi chiphalaphala cha miyala chimene chinazizira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo m'mwala wotere simungasungike fupa la chamoyo chilichonse. Mafupa osanduka miyala amapezeka m'matope ndi mumchenga umene unaunjikana n'kulimba, ndipo a mosasaur, amene anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, amafukulidwa kumene kunali nyanja yamchere, monga ku Maastricht m'dziko la Netherlands, ku Bentiaba m'dziko la Angola, ndi m'migodi ya fosifeti ya ku Khouribga m'dziko la Morocco. Ngakhale Nyanja ya Malawi siingatithandize, chifukwa ndi ya madzi opanda mchere ndipo inapangika zilombozi zitatha kalekale.

Izi sizikutanthauza kuti dziko lathu ndi losauka pa zinthu zakale, ndipo zimandipweteka kuti ana athu amadziwa zilombo za kunja kuposa zathu. Ku Karonga kunafukulidwa Malawisaurus, dinosaur wa khosi lalitali amene chigoba chake chimaonetsedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya m'tauniyo, komanso Malawisuchus, kanyama kakang'ono ka mtundu wa ng'ona. Ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Zonsezi ndi zamoyo za pamtunda ndi m'mitsinje, ndipo phindu lake linadziwika chifukwa ofukula analemba bwino dothi limene chilichonse chinagonamo.

Muuzeninso mwanayo kuti asamakhulupirire chithunzi chilichonse cha pa intaneti, chifukwa nsagwada zambiri za mosasaur zogulitsidwa kuchokera ku Morocco ndi zopanga: mano ake ndi enieni, koma amazikidwa m'chosakaniza cha mchenga ndi guluu kuti aoneke ngati ali pa fupa lawo. Malonda amenewa ndimadana nawo, chifukwa dzino lochotsedwa pamalo pake lataya kale mbiri yake yambiri.

Zoyang'ana pa chidutswacho

Yang'anani mmene mano akhalira pa fupa. Dzino la mosasaur limakhala pa tsinde lonenepa ngati chinangwa, lomatirira ku nsagwada, ndipo kumbali ya lilime kumaoneka timaenje mmene mano atsopano ankamerera. Pa zilombo zina zakale za m'nyanja, mano a ichthyosaur ambiri amandandalikana m'ngalande imodzi yaitali ndipo mizu yake ndi yamizeremizere, pamene a plesiosaur ndi aatali, owonda, ndipo lililonse lili m'dzenje lakelake. Ng'ona nayonso ili ndi dzenje pa dzino lililonse, koma kunja kwa fupa lake kuli timaenje tambirimbiri, ndipo poganizira mitsinje yathu ine ndikuganiza kuti mwina ndi ya ng'ona. Ngati manowo ndi otambalala ndi operepeseka pamwamba, ndiye kuti ndi a nyama yodya udzu monga ng'ombe kapena mvuu. Fupa losanduka mwala limalemera kuposa fupa wamba, koma kuda kokha si umboni, chifukwa matope amadetsa fupa m'zaka zochepa.

Musalipale, musalipake mafuta ndipo musazule dzino. Lijambuleni mbali zonse mutaika rula pambali pake, lembani malo enieni ndi mtundu wa dothi limene linatolapo, ndipo mupite nalo limodzi ndi mwanayo ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kuti akafunse yekha mafunso ake kwa akatswiri a kumeneko.