Mwathira cobalt mu ZnO, kuwala kwazima: chachitika n'chiyani?

Mnyamata wina wa ku Mufakose, amene akuphunzira chemistry kuno ku Harare, watilembera pa imelo. Akuti ma quantum dot (timadontho tating'onoting'ono kwambiri, toyezedwa mu ma nanomita, nm) a zinc oxide (ZnO) amene anapanga ankawala mobiriwira pa nyali ya UV, koma atangothira cobalt kuwalako kunazima ndipo madzi ake anasanduka a buluu. Akufuna kudziwa ngati walakwitsa, komanso ngati timadonthoto tasanduka maginito.

Achimwene, musadandaule, cobalt amachita zimenezo. Co2+ ndi Zn2+ n'zofanana msinkhu, 0.58 Å ndi 0.60 Å (1 Å ndi 0.1 nm), choncho cobalt amakhala pamalo a zinc bwinobwino, atazingidwa ndi ma oxygen anayi. Ma electron ake 7 a mu ma orbital a d amabweretsa masitepe atsopano a mphamvu mkati mwa band gap (mpata wa mphamvu umene electron imayenera kudumpha), yomwe mu ZnO wamba ndi 3.37 eV. Mphamvu imene ikanatuluka ngati kuwala imatsikira pa masitepewa n'kuthera m'kutentha. Sipafunika cobalt wambiri. Kadontho ka 3 nm kamakhala ndi ma atomu a zinc pafupifupi 600, ndiye pa 1% muli kale ma cobalt ngati 6 m'kadontho kalikonse. Ngati cholinga chanu ndi kuwala, cobalt musiyeni.

Buluuyo ndi chizindikiro chabwino, koma si umboni. Cobalt wozingidwa ndi ma oxygen 6, monga ali mu acetate, amaoneka wa pinki. Wozingidwa ndi anayi amamwa kuwala kofiira ndi kwachikasu, n'chifukwa chake mukuona buluu. Vuto n'loti cobalt wongomatirira kunja kwa kadontho, ngakhalenso cobalt hydroxide, amatha kuoneka wa buluu. Pitani pa UV-vis, makina oyeza kuwala kumene chinthu chimamwa. Cobalt wolowadi mkati amaonetsa nsonga zitatu zosiyana bwino, cha pa 565, 610 ndi 655 nm. Mukapeza chitunda chimodzi chophwatalala, wambiri ali kunja.

Yesani chonchi. Sungunulani 0.645 g ya zinc acetate dihydrate ndi 0.015 g ya cobalt acetate tetrahydrate mu 30 mL ya DMSO (dimethyl sulfoxide, madzi osungunulira mankhwala), imeneyo ndi 2% ya cobalt. Cobalt wochepa chotere sikelo imanama, bola mupange madzi ake okhathamira padera n'kutunga ndi pipette. Kenako 1.0 g ya tetramethylammonium hydroxide pentahydrate mu 10 mL ya ethanol, muzidontheza pang'onopang'ono uku mukutakasa. Mukakhuthula kamodzi, timadontho timatuluka tosiyana kukula ndipo cobalt wina amagwa payekha. Gwetsani timadonthoto pansi ndi ethyl acetate, zungulitsani pa centrifuge, sungunulaninso mu ethanol, kawiri kapena katatu. Cobalt wotsalira kunja amachoka mukatenthetsa timadonthoto mu dodecylamine. Gulu la Daniel Gamelin linaonetsa mu 2003 kuti cobalt salowa m'kambewu koyambirira, amalowa kadontho kakamakula, choncho 2% ya m'botolo si 2% ya m'kadontho. Yezani ndi AAS kapena ICP, makina oyeza kuchuluka kwa zitsulo.

M'nyengo yozizira samalani. DMSO amaundana pa 18.5 °C, ndipo m'mawa wa June kapena July kuno mudzam'peza atauma gwa m'botolo. Mviikeni m'madzi ofunda asungunuke yense musanayeze. Amalowanso pakhungu atanyamula zimene wasungunula, cobalt yemwe, ndipo magolovesi opyapyala a nitrile sam'tchinga nthawi yaitali.

Za maginito, apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Co2+ aliyense ali ndi spin ya 3/2, koma timadontho totsukidwa bwino, tosagundana, timakhala paramagnetic: timakokedwa pang'ono, maginito akachoka sitisunga kalikonse. Chiyambire 2000, pamene Tomasz Dietl ndi anzake analosera ferromagnetism (kukhala maginito okhazikika) mu ZnO wa manganese, malipoti a cobalt akhala akutsutsana. Kawirikawiri wolakwa amakhala timibulu ta chitsulo cha cobalt, chomwe chimakhalabe maginito mpaka kupitirira 1,100 °C, kapena fumbi la chitsulo lochoka pa spatula. Gwiritsani ntchito spatula ya pulasitiki. XRD, kuyeza kapangidwe ka makristalo ndi X-ray, musaikhulupirire kwambiri, chifukwa nsonga yaikulu ya Co3O4 (oxide wa cobalt wokhala payekha) ili pa 36.9°, moyandikana ndi ya ZnO ya pa 36.3°, ndipo pa timadontho ta 3 nm nsonga zimatambalala mpaka ziwirizi kuphatikana. Musanalembe mawu oti ferromagnetic mu lipoti lanu, pangani ZnO wopanda cobalt ndi ziwiya zomwezo, mumuyeze pa makina omwewo tsiku lomwelo.