Kodi "sheath" ndi chimake paliponse?

Funso: Ndikumasulira kabuku ka ulimi wa chimanga, ndiye ndapezamo mawu akuti "sheath" pomwe akufotokoza tsamba. Ine ndimadziwa kuti mawuwa amatanthauza chimake cha mpeni. Kodi ndingolemba chimake? Nanga mawuwa anachokera kuti?

Yankho: Pa mpeni ndi lupanga mwalondola. Pa Yohane 18:11, pomwe Yesu akuuza Petro kuti abweze lupanga m'chimake, Mabaibulo ambiri a Chingerezi ali ndi "sheath". Koma pa chimangapo musalembe chimake.

Mawuwa ndi akale kwambiri. Angerezi ankawatchula kuti "scēath" chaka cha 1066 chisanafike, ndipo abale ake alipo mpaka lero: Ajeremani amati "Scheide", Adatchi amati "schede". Akatswiri ambiri amati muzu wake ndi mneni wotanthauza kung'amba kapena kugawa pakati. Zimenezi n'zomveka mukaganizira mmene chimake chinkapangidwira: mmisiri ankang'amba kamtengo pawiri, n'kugoba mkati mwa mbali zonse ziwiri, kenako n'kuziphatikiza ndi kuzikulunga ndi chikopa. Pali mawu enanso akuti "scabbard", amene analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, koma amenewo amagwira kwambiri pa lupanga la nkhondo.

Pang'onopang'ono Angerezi anayamba kutcha "sheath" chilichonse chokuta mothina chinthu chachitali. Madokotala amatchula choncho kansalu ka mafuta kokuta mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi. Amagetsi amatero ponena pulasitiki wokuta waya. Osoka amatero ponena diresi yogwira thupi, ndipo ku Britain ena amatchula choncho kondomu.

Chichewa sichinayende njira imeneyo, ndipo ine sindiona chifukwa choti tichikakamize. Mlimi wa ku Ntchisi akawerenga zoti mbozi zabisala m'chimake cha tsamba, adabwa kuti mpeniwo walowa bwanji m'munda. Tengani phesi la chimanga muliyang'ane bwino: tsamba lisanatambasuke, kumunsi kwake kumayamba kwakulunga phesilo kuchokera pamfundo, ndipo mukakukoka kumasupuka. Chimenecho ndicho akunena m'kabuku kanu. Thunthu la nthochi nalonso si mtengo weniweni, ndi zokulunga zoterezi zosanjikizana.

Ndiye lembani kuti "tsinde la tsamba lomwe limakulunga phesi". Mukalitchula kachiwiri mutha kungoti "tsinde la tsambalo".